Kalata yotseguka: katuni ya mwana wosaona, mwiniwake n'kutsala panja

Kwa Olemekezeka Nduna yoona zofalitsa nkhani ndi Nduna ya Zamaphunziro, akuluakulu a MACRA, a MACODA ndi a COSOMA, eni nyumba za wailesi ndi kanema, komanso inu opanga mafilimu m'dziko muno,

Moni nonse, mabwana ndi madona. Ndikudziwa kuti pa matebulo anu padzaza mafailo a nkhani zolemera, za njala, za mafuta, za makalasi osefukira, moti munthu wobwera ndi nkhani ya makatuni akhoza kuoneka ngati wasowa chochita. Nkhaniyi ndakhala nayo miyezi ingapo, koma ikukana kukhala m'mimba. Mundilole ndiitule, mukaimva muweruze nokha.

Ndimalera mtsikana wa zaka 8 amene saona. Ndi wa mkulu wanga amene ali ku Joni, choncho kwa iye ine ndi amayi aang'ono, ndipo m'kalatamu ndizingoti mwana wanga, poti kwathu kuno mwana wa mkulu wako ndi wako ndithu. Anabadwa wosaona. Amatha kudziwa kuti uku kuli khomo lotsegula chifukwa kukuwala, uku kuli khoma, basi.

Loweruka lina masana, mchimwene wake, mwana wanga wobereka ndekha wa zaka 11, analowa m'nyumba akuthamanga ndi foni ya atsibweni ake. "Bwera, bwera! Ndapeza katuni ya mwana ngati iwe!" Anakhala pamphasa atatu ndi kamng'ono kawo, mitu itagundana pa kafoniko. Ine ndinali chapambali, ndikusankha mpunga m'lichero.

Filimuyo ndi yaifupi, mphindi ngati zisanu, ndipo adaipanga ophunzira a pa sukulu ya zaluso ku Taiwan m'chaka cha 2010. Kamtsikana kosaona kakuyenda ndi galu wake, wakuba n'kukatsomphola chikwama, galu n'kuliyatsa liwiro kutsatira wakubayo. Kamtsikanako katsala kokha, kalowa pa chibowo cha mpanda kufunafuna galu uja. Apa ndiye pali luso lawo. Chinthu chimatulukira pa kanemayo pokhapokha kamtsikanako kakachimva, kaya ndi khutu, mphuno kapena dzanja, ndipo chimatulukira osati monga chilili ayi, koma monga kakuchiganizira m'mutu mwake. Ndi yokongola, sindingakane. Koma mulibe mawu, kupatula pomwe kamtsikanako kakuitana galu wake. Nyimbo yokhayokha ndi timaphokoso.

Mwana wanga anatchera khutu. Anamva galu akuuwa, anamva kamtengo kakugogoda. Kenako anafunsa, "Ndiye mwanayo ali kuti?" Mchimwene wake, maso ali pa foni, anangoti, "Dikira kaye." Patapita kanthawi kamng'ono kaja kanakuwa, "Iii, zokongola!" Iye, "Chokongola n'chiyani?" Palibe anayankha. Sikuti ndi ana oipa mtima, amamukonda kwambiri, koma maso akadya pakamwa pamaiwala. Anafunsanso kachitatu, "Akutani tsopano?" Mchimwene wakeyo anatsegula pakamwa kuti, "Taona…" n'kudziluma lilime. Mwanayo anadzuka mwakachetechete, n'kupita pakhonde kukapitiriza kutong'ola chimanga chomwe anachisiya. Filimu ya iye mwini inatha iye ali panja, zitsononkho zili mbwee pamiyendo.

Madzulo ndinabwerekanso foni ija, n'kumukhazika pamiyendo panga, n'kuyamba kumufotokozera chithunzi ndi chithunzi. Ndinaiimitsa kambirimbiri chifukwa pakamwa panga sipamafika liwiro la zithunzi. Tsono mukanamumva! Anaseka, anadandaula, n'kuyamba kutsutsa. "Galu atathawa, ine sindingalowe pa chibowo cha mpanda wa eni. Ndingaime pomwepo n'kukuwa." Kenako, "Kamtengoko kangokatola pansi? Nanga ndodo yake anaisiya kuti?" Mphindi zisanu zija zinatitengera pafupifupi ola lathunthu, ndipo theka la olalo linali la iye kundiphunzitsa ine.

Ophunzira a ku Taiwan aja sindikuwaimba mlandu. Filimu yawo inagwira ntchito yake: m'mawa mwake ndinapeza mnyamata wanga atatsinzina, akufwanthula khoma kupita kubafa, ati akufuna adziwe momwe mlongo wake amayendera, mpaka anapunthwa pa ndowa. Imeneyo ndi phindu. Koma tiyeni tinene zoona, filimu yotere amaipangira ife openya, kuti tizizwe ndi dziko la wosaona. Zili ngati kuphika chinkhoswe cha munthu, alendo onse n'kukhuta, mwini chinkhoswe osamuyitana. Ndipo ndikuopa kuti tsiku lomwe achinyamata athu ojambula makatuni pa kompyuta adzaganize zopanga yathu ya Chichewa, adzatengera njira yomweyi, poti ndi yomwe aiona pa YouTube.

Pempho langa ndi limodzi. Filimu iliyonse ya ana imene idye ndalama za boma kapena ionetsedwe pa kanema wa m'dziko muno ikhale yoti mwana wosaona aimve yekha, popanda kupempha munthu kuti "akutani tsopano?" Ndipo ikakhala yonena za mwana wosaona, osaonawo akhalepo kuyambira pa tsamba loyamba la nkhaniyo.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti ife Amalawi, mwa anthu onse, sitiyenera kuvutika nayo ntchitoyi, chifukwa zida zake tinabadwa nazo m'kamwa. Taganizirani mawu oti kumva. Timamva kulira kwa ng'oma. Timamva fungo la utaka. Timamva kuzizira, timamva kukoma kwa ndiwo, timamva minga ikatilasa, timamva chisoni, ndipo mphunzitsi akafotokoza bwino timati tamva. Makolo athu adatenga khutu, mphuno, lilime, khungu ndi mtima n'kuzimanga mtolo umodzi, diso lokha n'kulisiya pambali. Mwana wanga, pa chiyankhulo chathu, akusowa kamodzi kokha. Zina zonsezo akumva ngati wina aliyense. Wolemba filimu akangoyambira pamenepo, nkhani yake siingakhale ya chisoni.

Ndiye pali mvekero, timawu tija tidaphunzira ku pulaimale n'kumationa ngati tongokhozera mayeso. Munthu akafuna kufotokozera wosaona zomwe zili pa kanema, amakhala ndi kampata kochepa pakati pa mawu a osewera, mwina masekondi awiri kapena atatu. Mu kampata komweko ife tikhoza kunyamula chithunzi chonse. "Galu uja liwiro, chingwe chili khwekhwerere m'mbuyo. Kamtsikana kangoti kakasi." Mwaona kale, sichoncho? Nkhope ili ndwii. Mutu uli zyoli. Maso ali tong'o. Nkhuku zangoti balala. Kunja kuli zii. Ndinayesa usiku uja kulankhula Chichewa cha m'kalasi, "mtsikanayo akuoneka wodabwa," mwanayo anangoti phee. Nditati "wangoti kakasi, manja ali m'malere," anaseka n'kukweza manja ake momwemo. Ngakhale mitundu musamubisire poganiza kuti alibe nayo ntchito. Amadziwa kuti psuu ndi tomato wakupsa ndi magazi, kuti mbee ndi ufa woyera, ndipo amakana kuvala diresi lomwe anzake anamuuza kuti ndi lofiirira ngati dothi.

Nthano zathunso n'za usiku. Agogo akati "Padangokhala," ife "Tili tonse," moto utazilala, palibe ankaona Kalulu kapena Fisi, koma palibe anatsalira. Pabwalo la nthano mwana wanga ndi mfumu. Ndagi amazimasula msanga kuposa mchimwene wake. Mpira wa Bullets ndi Wanderers amautsata pa wailesi bwino lomwe, chifukwa woulutsa mpira ntchito yake ndi yomweyi, kusandutsa zooneka kukhala zomveka, mwaliwiro, osaphonya. Ndipo pali anyamata aja omasulira mafilimu akunja m'Chichewa, amene ntchito zawo zimagulitsidwa m'malo obenera nyimbo n'kumaonetsedwa m'mavidiyo sho. Ambiri timawanyoza kuti amawonjeza zawo, ndipo zina amalankhulazo si za ana ayi. Koma ndikuuzeni, mafilimu okhawo amene mwana wanga amakhala nawo pansi mpaka kumapeto ndi amenewo, chifukwa womasulirayo satseka pakamwa: amanena amene walowa, amene wabisala kuseri kwa chitseko, amene wagwa. Akuchita mwangozi zomwe mayiko ena amachita kuphunzitsa anthu. Luso lilipo kale m'misika mwathu, likungosowa woliweta.

Kunjako ntchitoyi amaitcha audio description. Wailesi ya kanema ya WGBH ku Boston, m'dziko la America, idayamba kuiulutsa mokhazikika m'chaka cha 1990. Ku Britain lamulo limakakamiza makanema akuluakulu kuti mapulogalamu osachepera 10 pa 100 aliwonse akhale ndi mawu ofotokozawa, ndipo ena monga BBC adadzipereka okha kufika pa 20. Kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti ya Netflix idayamba mu 2015, anthu osaona atadandaula kuti sewero lomwe ngwazi yake ndi munthu wosaona latuluka iwo osatha kulitsata. Ndiye kuti vuto la pamphasa panga lija lidawagwerapo ngakhale a ndalama zawo. Kusiyana kwake n'koti iwo atauzidwa adakonza.

Kachitidwe kake sikovuta kukamvetsa. Wolemba amaonera filimu, n'kulemba ziganizo zifupizifupi zolowa m'mipata momwe osewera sakulankhula. Amanena zomwe zikuoneka, osati maganizo ake. Sanena kuti "munthu woipa walowa," amati "bambo wa chipewa chophimba kumaso walowa monyang'ama," mwanayo aweruze yekha. Kenako munthu wosaona amamvetsera n'kunena pomwe wasokera. Akakonza, wina amawerenga mu situdiyo, mawuwo n'kuwaphatikiza ndi a filimu. Tsono yerekezani ndi ntchito yojambula. Katuni yoyenda bwino imafuna zithunzi ngati 12 pa sekondi iliyonse. Ya mphindi zisanu ndi zithunzi 3,600. Munthu amene wapirira zonsezo angalephere masamba awiri a mawu ndi tsiku limodzi la mu situdiyo? Ndipo katuni ili ndi mwayi woposa filimu ya anthu, chifukwa mawu amayamba kujambulidwa zithunzi zisanapangidwe. Mukaganizira wosaona poyambirira, mipata mumaisiya dala, kapenanso wofotokozayo amangokhala gogo wa m'nkhani momwemo amene akusimba nthano, moti openya sazindikira n'komwe kuti pali china chawonjezedwa.

Mabwana, sindikupempha chifundo, ndikukumbutsa ngongole. Dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali m'chaka cha 2009, ndipo gawo 30 la panganolo limatchula mwachindunji mapulogalamu a pa kanema, mafilimu ndi zisudzo, kuti zikhale m'njira yoti aulumali azifikire. Mu 2017 tidalowa m'pangano la Marrakesh, lolola kuti mabuku asandutsidwe Braille, zilembo za timadontho zomwe osaona amawerenga ndi zala, kapena mawu omvera popanda kuyamba kupempha mwini buku; limenelo ndi la mabuku, koma mtima wake ndi womwewu. Mu 2024 mudatipatsa lamulo latsopano la anthu aulumali, lomwe lidabala MACODA, bungwe loona za anthu aulumali, m'malo mwa MACOHA. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, anthu oposa 1.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo vuto lawo ndi la maso. Pa nkhani za pa kanema timaona kale womasulira m'chinenero cha manja ali pakona. Zimenezo zidatheka chifukwa anzathu osamva adalimbikira ndipo wina mu ofesi adamvera. Ya osaona ndi yotchipa kuposa momwe mukuganizira.

A MACRA, ziphaso za nyumba zoulutsira mawu zimadutsa m'manja mwanu, ndipo muli ndi thumba la Universal Service Fund lomwe cholinga chake n'kufikira otsalira. Sindikunena kuti mawa mulamule 10 pa 100 ngati ku Britain, tingangonamizana. Yambani ndi pulogalamu imodzi ya ana pa sabata pa kanema aliyense, mulembe m'chiphaso, ndipo muziyang'ana ngati ikuchitikadi. Kanema wa digito amatha kunyamula mizere iwiri ya mawu pa pulogalamu imodzi, koma ine ndingakonde kuti poyamba mawu ofotokozawo angomveka kwa aliyense. M'nyumba zambiri palibe amene angapeze batani losinthira, ndipo ana openya sawonongeka ndi kumva Chichewa chabwino. A COSOMA, thumba lanu lothandiza aluso likamapereka ndalama ku filimu ya ana, funsani funso limodzi pa fomu: wosaona adzaimva bwanji? Funso lokhalo lisintha bajeti za anthu. A Film Association of Malawi, itanani a Malawi Union of the Blind, oulutsa mpira awiri ndi omasulira mafilimu angapo, muwatsekere m'chipinda chimodzi sabata imodzi, muone chomwe chituluke.

Inu a zamaphunziro, musaiwale kuti kanema ali m'nyumba zochepa. Kalembera yemwe uja adapeza kanema m'makomo pafupifupi 12 pa 100 aliwonse, wailesi khomo limodzi pa atatu, koma foni m'makomo oposa theka. Filimu yomwe mawu ake akuima paokha ndi sewero la pa wailesi kale. Ikhoza kuulutsidwa monga munkachitira ndi pulogalamu ya maphunziro ya pa wailesi ya Tikwere, ikhoza kuyenda pa WhatsApp osadya bandulo yambiri, ikhoza kuikidwa pa memore n'kufika m'sukulu zophunzitsa ana osaona, ku Lulwe ku Nsanje, ku Chilanga ku Kasungu, ku Malingunde, ku Ekwendeni. Ndalama imodzi, misika iwiri. Akatswiri a maphunziro ku Domasi ndi aphunzitsi ophunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi akudziwa bwino kuposa ine momwe mwana wosaona amaphunzirira. Mayeso ake a filimu yotere ndi apafupi: vundikirani foni pamphasa, muitane mwana wa Sitandade 2, ikatha mumufunse akusimbireni. Akasimba, yakhoza.

Tsono ndilankhule ndi inu olemba ndi ojambula, chifukwa apa ndi pomwe pagona mantha anga enieni. Ndalama zikhoza kupezeka, mawu ofotokoza n'kuikidwa, koma nkhani yake n'kukhala yomweija timaidziwa: mwana womvetsa chisoni, nyimbo ya maliro kumbuyo, anzake akumuseka, kenako kumapeto dokotala wachilendo kapena chozizwitsa, maso n'kutseguka, mudzi wonse n'kuvina. Mwana wanga akamva mathero otere, mukumuuza kuti nkhani yake siingathe bwino pokhapokha atasiya kukhala iye. Ana ena maso awo amachiradi, makamaka a ng'ala akafika msanga kuchipatala, ndipo uthenga umenewo ndi wofunika. Upangireni filimu yakeyake. Koma wanga madokotala anatiuza kale, ndipo akukula, akunenepa, akuba shuga m'kabati ngati mwana wina aliyense.

Musalumphirenso mbali inayo, yomusandutsa wamatsenga womva nyerere ikuyenda. Anthu amakonda kunena kuti osaona Mulungu adawapatsa makutu akuthwa. Makutu ake ndi ngati anu ndi anga. Kusiyana n'koti iye amawagwiritsa ntchito tsiku lonse osapuma, ndipo pofika madzulo amakhala atatopa ngati wochokera kumunda. Akuluakulu adati wakhungu akati ndikugenda, waponda mwala. Adadziwa kuti si matsenga, ndi phazi lomwe lafufuza kale.

Mukanayenda naye ulendo wochokera pakhomo pathu kukafika pamsewu, mukanapeza filimu yonse. Akangotuluka, mpanda wa njerwa wa aneba umabweza kulira kwa patapata zake. Ukatha, pamabwera mpanda wa udzu umene umameza phokosolo, ndiye amadziwa kuti akhote. Pansi pa mtengo wa mango amamva kuzizira pakhosi asanaponde masamba. Kumjigo amamva chitsulo chikulira ndi amayi akukangana za mzere wa ndowa, ndipo amatha kundiuza kuti lero akuti abwera ndi ndowa yatsopano, ikulira mosiyana. Pachigayo pali fungo la gaga ndi dizilo, ndipo nthaka imanjenjemera m'mapazi. Pachiwaya, mafuta akamalira kwambiri amati chipisi changolowa kumene, tisagule. Kabaza wa njinga yakapalasa amamumva ndi tcheni akadali patali. Mvula amaisiyanitsa itatu: ya pa malata, ya pa denga la udzu, ndi ya pa masamba a nthochi, yomwe amati ndiyo yoimba bwino. Kukhitchini amandiuza kuti phala labwata, thirani ufa, ine ndili kalikiliki ndi zina. Ndipo nkhope yanga sanaipapasepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale m'mafilimu osaona onse amapapasa nkhope za anthu. Amandidziwa ndi kakokedwe ka phazi langa lamanzere.

Koma njira yomweyo ili ndi ngalande yomwe anthu ena anakumba n'kuisiya yosavundikira. Dzulo lake panalibe, lero ilipo. Anagweramo, ndipo chipsera chili pabondo mpaka pano. Analira, osati chifukwa cha bala lokha, koma chifukwa njira yomwe ankaidalira inamunamiza. Chimenechonso chilowe m'filimu. Chilowe ndi ndodo yoyera, ndi mphunzitsi amene anamuphunzitsa kuigwedeza uku ndi uku patsogolo pa phazi, ndi tsiku lomwe anakana kuinyamula chifukwa anzake ankaiyesa ya agogo. Ana openya akaona zimenezo adzaphunzira chinthu chogwirika: osasuntha mpando osanena, osasiya chitseko chotsegula theka, kudzitchula dzina pomulonjera m'malo mwa kasewero konyansa kaja ka "tandiuza, ndine ndani?", ndi kumupatsa chigongono kuti agwire, osati kumukoka dzanja ngati mbuzi yopita kumsika.

Kumbukiraninso kuti ambiri mwa ana a vuto la maso si osaoneratu. Ena amaona pang'ono, monga ana ambiri achialubino, omwe m'kalasi amachita kugunditsa mphuno pa buku. Amenewa katuni imawakomera kuposa filimu ya anthu, ngati mwajambula ndi mizere yokhuthala, mitundu yosiyana bwino, zinthu zochepa pa chithunzi chimodzi, ndiponso osathamangitsa zithunzi ngati mukuthawa ngongole. Zimenezi sizidya ndalama, zimangofuna kuti wina akuuzeni musanayambe.

Nkhani zoti musimbe sizikusowa. Louis Braille adadzilasa diso ndi chida chobowolera zikopa m'shopu ya bambo ake ali ndi zaka zitatu, ku France, ndipo pofika zaka 15, mu 1824, anali atakonza kale kalembedwe ka timadontho 6 komwe mwana wanga akuphunzira lero, akubowola pepala kuchokera kumanja kupita kumanzere kuti akalitembenuza awerenge bwino. Imeneyo ndi nkhani ya mwana, yoti ana aimve. Kwathu konkuno, Alan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, ndipo banjo yake idamveka dziko lonse mpaka kutsidya kwa nyanja. M'sukulu ndatchula zija mwadutsa aphunzitsi, oimba, ogwira ntchito m'maofesi, amayi olera ana awo. Pitani mukakhale nawo, osati tsiku limodzi la 15 Okutobala pomwe timaguba ndi ndodo zoyera n'kujambulitsa, koma sabata zingapo. Ndipo mukawafunsa nzeru, alipireni monga mulipirira wojambula. Fanta ndi mpukutu wa buledi si malipiro. Mawu a mwana wa m'katuniyo alankhule mwana wosaona weniweni. Akusowa ndani, poti kuloweza ndiye ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku?

Wina anena kuti dziko losauka liyambe lagula mapepala a Braille ndi makina olembera, makatuni adikire. Mapepalawo akufunikadi, ndipo ine ndi woyamba kudandaula akasowa. Koma sindinamvepo munthu akunena kuti ana openya asaonere katuni mpaka mabuku akwane. Mwana sakhala ndi sukulu yokha. Lolemba m'mawa anzake akamasimbirana zomwe anaonera, akamatengera mayankhulidwe a m'filimu n'kumaseka, iye amangoti duu pambali, ndipo kutsalira kumeneko sikulembedwa pa lipoti la sukulu iliyonse.

Usiku uja titamaliza filimu ya ku Taiwan, ndinamufunsa kuti atapatsidwa mpata wopanga yake, ingayambe bwanji. Ine ndinafulumira kumuthandiza: "Iyambe ndi mdima, eti?" Anandiseka. "Amayi aang'ono, mdimawo ndi wanu. Ine sindiudziwa." Anakhala chete pang'ono, zala zikusewera ndi mkanda wanga. Kenako anati iyambe ndi tambala wa kwa aneba, amene amalira mosasa ngati ali ndi chimfine. Kenako tsache pabwalo. Kenako fungo la makala a pambaula, koma anadandaula kuti fungo silingatuluke m'foni, ndiye gogo wosimbayo angonena. Mwanayo asakhale ndi galu, akhale ndi mbuzi, chifukwa mbuzi ndi yosamva ndipo idzamulowetsa m'dimba la eni. Akapezeke ndi mwini dimba, amukalipire ngati mwana wina aliyense wolowetsa mbuzi m'dimba, osati kumukhululukira chifukwa saona. Pamenepo anaumirira kwambiri.

Ndinalemba zonse kuseri kwa kope la mchimwene wake la masamu, masamba atatu. Dzina la mbuziyo sanasankhebe. Ati adzauza yekha munthu amene adzabwere ndi maikolofoni.

Ine wanu,
Mayi wamng'ono wa mwana wosaona,
Zomba